Nkhunzi Ibwerere ku Busa Lake

Mwezi wa September ukafika, pamene anthu a mumzinda wa Valladolid, m'chigawo cha Castilla y León ku Spain, ali pa chikondwerero chawo cha chaka ndi chaka, pa bwalo lawo lozungulira pamatuluka mnyamata wovala buluku loyera ndi nsapato zothamangira, wopanda lupanga, wopanda nthungo, wopanda ngakhale kansalu koti akupize, nakaima pakati pa mchenga monga munthu woyembekeza mnzake amene adapangana naye dzulo. Mnzakeyo ndi nkhunzi yakuda bii, ya makilogalamu ngati 500, imene chibadwire sidaonepo khamu la anthu, ndipo yaima cha kumpanda uko, mutu uli m'mwamba, ikupalasa pansi ndi chiboda. Mnyamata uja aitana ndi mawu, nadumphadumpha pang'ono kuti imuone. Ndipo ikangoti yadzambatuka ndi liwiro, iye sathawira kumpanda monga tikadachitira inu ndi ine, koma athamanga mokhota kukakumana nayo, kufikira pamene nkhunzi yaweramitsa mutu kuti imutunge. Pomwepo aima chiriri pa zala za kumapazi, napinda msana ngati uta, manja ali m'mwamba, ndipo nyanga idutsa pafupi ndi impso zake, mwina n'kukokako ulusi wa malaya. Ng'ombe ipitirira ndi mphamvu zake zomwe, itatunga mphepo. Mnyamata achoka poyenda, osathamanga, pakuti kufulumira pamenepo ndiko kuulula mantha, ndipo bwalo lonse liimirira ndi mfuu.

Amuna ochita zimenezi eni dziko amawatcha recortadores, ndiye kuti odula, popeza luso lawo lonse ndi kudulira ng'ombe njira ndi thupi lokha. Ndipo masiku ano, pamene mitima ya anthu ambiri a ku Spain yafulatira masewera akale opha ng'ombe otchedwa corrida, alipo ena amene akuloza anyamatawa ndi kunena kuti, Taonani, nawa masewera a makolo athu, opanda mwazi. Ine ndivomerezana nawo pa mbali yaikulu ya mawuwo, ndipo ndinena poyera kuti mwa njira zonse zimene munthu adapeza zoyesera mtima wake pamaso pa nyanga, imeneyi ndiyo ya ulemu. Koma pa mawu akuti opanda mwazi ndipempha kuti tiyambe taima, pakuti akuluakulu adatichenjeza za chikomekome cha nkuyu chimene m'kati mwake muli nyerere.

Kuti mlandu tiuweruze bwino, tiyenera kuyamba taona chimene anyamatawa akuyerekezedwa nacho. Pa corrida, monga ichitikira pa bwalo la Las Ventas ku Madrid, limene lidatsegulidwa mu 1931 ndipo limalowa anthu oposa 23,000, madzulo amodzi amadya nkhunzi zisanu ndi imodzi, iliyonse ya zaka zosachepera zinayi, ndipo iliyonse imapatsidwa mphindi ngati 20 zotsiriza za moyo wake. Poyamba padza munthu wokwera pa kavalo womangidwa m'maso ndi wovekedwa chimatiresi, nalasa ng'ombe ndi nthungo pamnofu wa pakhosi, pamene ng'ombe zathu zili ndi linunda, kuti khosi lifooke ndi mutu utsike. Pambuyo pake padza ena nabaya timikondo ta ngowe tokongoletsedwa ndi mapepala a mawangamawanga, tiwiritiwiri katatu, timene timatsala tikulendewera pamsana. Ndipo pokhapokha mwazi utayenderera kutsika ndi miyendo, mphamvu zitachepa, m'pamene mwini tsikulo, matador, atenga nsalu yake yofiira ndi lupanga kuti atsirize. Sindikana kuti munthuyo ali pangozi: Manolete adafa ndi nyanga ku Linares mu 1947, ndi Víctor Barrio ku Teruel mu 2016. Sindikananso kuti muli kukongola m'kupota kwa nsalu ija, kumene kwakopa alembi ndi ojambula a mibadwo yambiri. Koma mlandu umene chigamulo chake chidalembedwa usanazengedwe suli mlandu konse, ndipo mdani amene anzako ayamba akufooketsera usanamuyandikire sunganene kuti wamugonjetsa wekha. Nyulu zokoka mtembo zimakhala zitamangidwa kale kuseri, ng'ombe isanatuluke m'khola.

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo apa m'pamene pagona ulemu wa recortador, chifukwa nkhunzi imene akumana nayo pa mphindi yotsiriza ndi yomweyo imene idatuluka pachitseko pa mphindi yoyamba, khosi lake lathunthu, khungu lake losabooka, ndipo ngati yatopa, yatopa ndi liwiro lake lokha. Pa njira yowongoka palibe munthu angapikisane nayo. Chimene chimupulumutsa mnyamatayo ndi kudziwa mapangidwe a chilombocho: kuti thupi lalitali ndi lolemera, la miyendo inayi, silingathe kutembenuka pa malo ochepa monga atembenukira munthu, kuti ng'ombe ikaweramitsa mutu kuti itunge imakhala itasankha kale poti ipite, ndipo siingasinthenso msanga, ndi kuti chimene imalondola ndi kugwedezeka kwa chinthu, osati kufiira kwake, pakuti maso a ng'ombe sazindikira kufiira monga athu, ndipo nkhani ija yakuti imakwiya ndi nsalu yofiira ndi nthano chabe. Pa nzeru zitatuzi adamangapo luso la mitundumitundu. Pali quiebro, pamene munthu aima nji, mapazi pamodzi, mwina atagwada kumene, nadikira ng'ombe ibwere, ndipo itatsala pang'ono kufika aponya mwendo ndi phewa mbali imodzi ngati akupita kumeneko, nabweza thupi msangamsanga ng'ombe itanyengeka kale. Pali odumpha, amene amathamangira nkhunzi maso ndi maso naidumpha kuchokera kunyanga kufikira kumchira, ena atatambasula manja ngati mbalame, ena akuchita chipidigoli m'malere, ena atatsamira pa mtengo wautali wotchedwa garrocha umene amauzika mumchenga patsogolo pa mphuno ya ng'ombe. Ndipo ku Aragón, Navarra ndi La Rioja kuli mwambo wina umene ine ndiukonda koposa, wa amuna awiriawiri amene amapatsidwa mphindi zitatu kuti aveke mphete ku nyanga za ng'ombe yaikazi yolusa. Opambana ndi amene aveka zambiri, ndipo pa chikondwerero cha Pilar ku Zaragoza, mwezi wa October, anthu amadzaza bwalo kudzaonera zimenezi.

Chinthu china chimene mlendo sachiona msanga ndi ichi, kuti ngakhale anyamatawa akulimbirana mphotho imodzi pamaso pa oweruza opereka mapointi, wina akagwa, amene amathamangira kunyanga kukakopa ng'ombe kuti imusiye ndi omwewo amene akupikisana naye. Palibe amene amayembekeza kuuzidwa. Ambiri a iwo si anthu a chuma kapena a mayina omveka ngati matador wovala zagolide. Ndi ana a m'midzi ndi m'matauni aang'ono amene adaphunzira pa ana a ng'ombe m'misewu ya kwawo, ndipo Lolemba m'mawa amabwerera ku ntchito zawo, zipsera zili m'ntchafu.

Asatinamize munthu kuti masewerawa adapekedwa dzulo kuti atonthoze alendo a mitima yofewa. Francisco de Goya, mwana wa ku Aragón komweko, m'zithunzi zake 33 zotchedwa La Tauromaquia zimene adatulutsa mu 1816, adajambula munthu wotchedwa Juanito Apiñani ali m'malere pa mtengo wake, nkhunzi ikudutsa pansi pake pa bwalo la ku Madrid. Adajambulanso Martincho ataima pa tebulo, miyendo ili m'matangadza, akudikira kudumpha. Ndipo kutali m'mbuyo, pa chisumbu cha Crete, pa khoma la nyumba yachifumu ya ku Knossos padapezeka chithunzi cha zaka zoposa 3,000 cha wachinyamata ali chadodolido pamsana pa ng'ombe. Sindikuti mwambo wa ku Spain udachokera kumeneko, koma chionetsa kuti chilakolako chimenechi n'chakale mwa ana a anthu. Kutsutsa nakonso n'kwakale. Papa Pius V adaletsa masewera a ng'ombe mu 1567, naopseza kuchotsa mumpingo mafumu owalola, ngakhale kuti chimene chidamuwawa iye kwenikweni chidali miyoyo ya anthu otayika m'mabwalomo, osati ya ng'ombe; Mfumu Felipe II ya ku Spain sidalabadire kwenikweni, ndipo apapa otsatira adafewetsa lamulolo. Zaka zoposa 450 zapitapo, mkangano ukadali womwewo, kungoti tsopano anthu ayamba kufunsako za ng'ombe.

Tsono tiyeni ting'ambe nkuyu uja.

Nyerere yoyamba ndi yakuti mwazi ulipo, ndiwo wa munthu. Nyanga ikapeza ntchafu kapena mimba sifunsa ngati masewerawo ndi a lupanga kapena ayi, ndipo n'chifukwa chake pa bwalo lililonse lololedwa pamakhala madokotala ndi ambulansi. Pa ichi sindidzataya mawu ambiri, pakuti munthu wamkulu amene walowa m'bwalo mwa kufuna kwake walira mvula, ndipo matope adzawalandira. Ng'ombe ndiyo sidafunsidwe.

Nyerere yachiwiri ndi mantha a chiwetocho. Nkhunzi ya mtundu wolusawu imakulira ku mabusa aakulu otchedwa dehesa, ku Salamanca, Extremadura ndi Andalucía, pansi pa mitengo ya thundu la kumeneko, mwa ufulu umene ng'ombe zambiri za pa dziko lapansi sizidaulawe. Ndipo tsiku lina iloŵetsedwa m'bokosi lopanikiza, nikwezedwa pa lole, niyenda mtunda wautali mumdima, nitulukira m'phokoso la anthu zikwizikwi kumene kulibe kothawira. Aliyense amene adawetapo ng'ombe adziwa kuti ukali wake wambiri ndi mantha ovala nyanga. Amene akuti chiwetocho sichimva kanthu popeza sichidabayidwe akudzinyenga. Koma amenenso akuti kuthamanga kwa mphindi zingapo ndi chimodzimodzi ndi nthungo, ngowe ndi lupanga m'mapapo, akunena bodza limene iwo eni sangalikhulupirire likadakhala pa thupi lawo.

Nyerere yachitatu ndiyo yaikulu, ndipo ndiyo yandilembetsa nkhani ino. Owonerera amaona nkhunzi ikutuluka m'bwalo ndi miyendo yake, naomba m'manja, napita kwawo ndi mtima woyera. Koma lamulo la boma la mu 1996 loyendetsa masewera a ng'ombe lidalamula kuti ziweto zogwiritsidwa ntchito pa zikondwerero za anthu wamba ziphedwe masewera atatha, anthu asakuona, ndipo zigawo zingapo zidatsata njira yomweyo m'malamulo awoawo. Motero kaŵirikaŵiri nkhunzi imene yapulumuka lupanga pamaso pa khamu imakakumana ndi mpeni kuseri kwa khoma, ndipo mwazi umene akuti palibe uja udangosamutsidwa, kuchoka poonekera kupita kobisika. Chifukwa chimene amapereka si chopusa, ndipo tiyenera kuchimva. Ng'ombe imaphunzira. Imene yanyengedwa kakhumi lero, mawa siilondolanso mthunzi. Imadula njira iyonso, imadikira, imayang'ana miyendo ya munthu m'malo mwa manja ake. Anthu a ku Valencia akumbukira nkhunzi yotchedwa Ratón, ya ku Sueca, imene idayendayenda m'zikondwerero zaka zambiri, nichenjera chaka ndi chaka, nipha anthu oposa mmodzi isanafe yokha mu 2013. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti kupha kwakeko ndiko kudakweza mtengo woibwerekera, anthu nakhamukira kukaiona.

Komabe nkhani ya Ratón yomweyo itiuza kuti njira ina ilipo, pakuti ku Valencia, Aragón ndi Navarra malamulo amalola kuti ng'ombe zozoloŵera zibwerere kwa mwini wake, zikapume, zidzatulukenso tsiku lina. Ndipo ng'ombe zazikazi zovekedwa mphete zija zimadziwika ndi mayina ndi manambala, amuna naziopa ndi kuzilemekeza monga ankhalakale a pabwalo. Kutsidya kwa malire, ku Camargue, kummwera kwa France, mwambowu udafika pokhwima: kumeneko amuna ovala zoyera amayesa kuthyola kansalu komangidwa pakati pa nyanga, ng'ombe, zimene zambiri ndi zofulidwa, zimakhala m'bwalo mphindi 15 zokha kenaka n'kubwerera kudambo, mayina awo ndiwo amalembedwa ndi zilembo zazikulu pa zikwangwani, ndipo mumzinda wa Beaucaire muli zipilala zosemedwa zokumbukira ng'ombe zotchuka, imodzi mwa izo dzina lake Goya. Ng'ombe yochenjera imafuna munthu wochenjera koposa. Kodi si pamenepo pamene luso liyenera kuonekera? Mnyamata amene anganyenge nkhunzi yosadziwa kanthu wachita bwino. Amene anganyenge nkhalamba yodziwa machenjera onse ndiye katswiri.

Andale nawo sadathandize kwenikweni, chifukwa nkhani ya ng'ombe ku Spain idasanduka mbendera yolimbirana. Zisumbu za Canarias zidakhazikitsa lamulo loteteza ziweto mu 1991, masewerawo atazilala kale kumeneko. Nyumba ya malamulo ya ku Cataluña idaletsa corrida mu July 2010, ndi mavoti 68 kwa 55, ndipo bwalo la La Monumental ku Barcelona lidaona lupanga lotsiriza mu September 2011. Boma la ku Madrid lidayankha mu 2013 ndi lamulo lotcha masewera a ng'ombe chuma cha chikhalidwe cha dziko, ndipo mu 2016 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidafafaniza chiletso cha ku Cataluña, ngakhale kuti nkhunzi sizidabwererenso ku Barcelona. Koma aphungu omwewo amene adaletsa lupanga, patangopita miyezi iŵiri, adateteza miyambo ya m'midzi ya kwawo, kuphatikizapo uja womangirira miyuni yoyaka ku nyanga za ng'ombe usiku ndi kuitaya m'misewu ikupenga ndi moto pamutu. Pamenepo mwazi sutuluka, n'zoona. Koma ndani angaime pamaso pa Mlengi wa chiwetocho nati ichi n'chifundo? Ichi chitiphunzitsa kuti kusakhetsa mwazi si muyeso wokwanira, ndipo anthu okonda luso la recortadores achita bwino kudzipatula ku miyambo yotere, m'malo mobisala nayo pansi pa dzina limodzi la chikhalidwe. Kunja kwa Spain mphepo ikuombera komweko: dziko la Colombia lidavomereza lamulo lothetsa corrida mu 2024, ndipo mu March 2025 mzinda wa Mexico, kumene kuli bwalo lalikulu koposa onse a masewerawa, udaletsa kubaya ndi kupha ng'ombe m'bwalo.

Okonda corrida ali ndi mawu aŵiri amene amabwereza. Oyamba ndi akuti popanda imfa palibe choonadi, ndi kuti kulewa ng'ombe ndi masewera a ana poyerekeza ndi nsembe ya lupanga. Kwa ameneŵa ndingoti, imfa imene akuitamayo pafupifupi nthawi zonse ndi ya wina, ndipo nsembe yopereka mnzako siivuta. Achiŵiri ndi olemera, akuti corrida ikatha, mtundu wa nkhunzi zolusa udzatha nawo, ndi mabusa a dehesa adzalimidwa, popeza palibe mlimi angadyetse chilombo zaka zinayi kapena zisanu popanda wochigula. Izi ndi zoona ndithu kwa amene afuna kuthetsa zonse tsiku limodzi. Koma zikondwerero za m'misewu ndi mipikisano ya anthu wamba zimachitika zikwi zambiri pa chaka, kuchuluka kwake kuposa corrida kutalitali, ndipo mlimi amene ng'ombe yake ibwerera kukhola angaibwereketse kaŵiri, katatu, kakhumi, pamene wogulitsa ku lupanga agulitsa kamodzi kokha. Oteteza ziweto, mbali yawo, afuna kuti munthu asayandikirenso ng'ombe m'bwalo konse, ndipo mtima wawo ndiulemekeza, pakuti ngakhale Malembo amayesa chilungamo cha munthu ndi m'mene asamalira choweta chake, ndipo bulu wa Balamu adapatsidwa pakamwa kuti afunse chifukwa cha ndodo; koma mwambo wa zaka mazanamazana suzulidwa ngati chisoso, ndipo amene akana theka la mtanda chifukwa afuna wathunthu amagoneka ana ndi njala.

Wina adzandifunsa kuti, Nanga inu simudya nyama? Ndidya, ndipo sindinganamizire kuti ng'ombe yophedwa mwachangu kuti anthu adye ndi tchimo; ndiponso ife amene taona ng'ombe za pangolo zikukwapulidwa pa zilonda za goli tilibe nkhope yolalikira anthu a ku Spain ngati oyera mtima. Chimene ndikana ndi kugulitsa tikiti ndi mawu akuti pano sipafa kanthu, pamene wopha nyama akunola mpeni kuseri. Ngakhale corrida yeniyeniyo, ndi nkhanza zake zonse, idasiya kakhomo ka chifundo kotchedwa indulto, pamene nkhunzi yolimba mtima koposa imakhululukidwa, nitsukidwa mabala, nibwerera kubusa kukabereka. Ndipo chingakhale chamanyazi kuti masewera odzitcha opanda mwazi akhale ouma mtima pa chinthu ichi kuposa aja a lupanga.

Chifukwa chake chigamulo changa ndi ichi: pakati pa matador ndi recortador, Spain asankhe recortador, namupatse masiku aakulu a chikondwerero ndi ulemu umene kufikira lero wapita kwa wovala zagolide, koma zigawo zimene zikadali ndi lamulo lopha ng'ombe masewera atatha zilifafanize, monga anansi awo a ku Aragón ndi Navarra akhalira opanda ilo, kuti lole imene idabweretsa nkhunzi m'mawa ndiyo iibwezenso kwawo madzulo. Kufikira tsiku limenelo, olemba zikwangwani achotsepo mawu akuti opanda mwazi, alembe zoona, kuti ng'ombe siiphedwa pamaso panu.